Paison ndi Mlatho Wopanda Mzati

Kumapiri a ku Biriwiri kudali munthu wina, dzina lake Paison Ngozo, amene sankatha kudutsa chinthu osachisuzumira kunsi. Mukamuyalira mphasa yatsopano, moni ankayankha maso ali pa malukidwe. Akapeza msampha wa mnzake kuthengo ankaufwamphula dala kuti aone pamene pakugwira, mwini msamphayo n'kugonera ndiwo zamasamba. Ntchito yake idali yoluka nkhokwe ndi kumanga madenga, ndipo pa zimenezo ankatchuka mpaka kuchigwa cha Bwanje. Ntchitoyo idamuphunzitsa chinthu chimodzi chimene ankachikhulupirira kuposa katekisimu, chakuti chilichonse choimirira chili ndi chochiimika. Nkhokwe ili ndi mphanda, denga lili ndi mzati, munthu ali ndi msana.

Mkazi wake, Eliness, kwawo kudali kutsidya la mtsinje umene anthu adaupatsa dzina loti Mkokansalu, poti nthawi ya dzinja unkavula amayi pa dooko. Paison adamutenga chitengwa ng'ombe za malowolo zitapita, ndipo ankamuitana ndi dzina la mfunda wake, Nankhoma. Eliness adali woumba mbiya ndi miphika. Tsono kumeneko mwamuna sayandikira pamene akazi akuumba, amati mbiya zimasweka pamoto. Motero munthu amene adasuzumira kunsi kwa chilichonse m'mudzimo sadaonepo manja a mkazi wake ali pa dongo. Iye ankangoona mphika utapsa, uli pamafuwa.

Patapita zaka zingapo chithere nkhondo ya Jeremani, a boma adabwera ndi msewu. Utafika pa Mkokansalu adati pamangidwe mlatho wa miyala, popeza maulalo amitengo madzi ankawanyamula chaka ndi chaka. Woyang'anira ntchitoyo adali kapitawo wochokera kumwera, dzina lake Goliati, kamunthu kakafupi kamene mawu ake okha ndiwo ankayenerana ndi dzinalo. Anthu ena adalembedwa ntchito chifukwa cha msonkho. Paison adalembetsa yekha, nkhokwe za eni ake n'kuzisiya zosamaliza, chifukwa adamva kuti mlathowo sudzakhala ndi mzati pakati pa madzi. Adafuna kukhalapo pa tsiku limene bodzalo lidzaululike.

Antchito adayamba ndi kukumba m'magombe onse awiri mpaka makasu atalira pa thanthwe. Pathanthwepo adayalapo miyala ikuluikulu yofuna amuna anayi, n'kuimata ndi njereza yosakaniza ndi mchenga. Izi Paison adazivomereza, maziko ndi maziko. Kenaka akalipentala adaimika chimango cha mitengo ndi matabwa kuchokera gombe ili kukafika gombe linalo, chopindika ngati uta, chitatsamira pa mizati yambirimbiri yozika mumtsinje. Apa mtima wa Paison udakhala pansi. Adauza anzake kuti, "Mwaona? Mizati si iyi? Amangotinamiza."

Pamwamba pa chimangocho amisiri adayamba kuyala miyala yosema, kuchokera uku ndi uku, kukwera nayo kuti ikakumane pakati. Mwala uliwonse ankausema kuti kunsi kuchepe, kumwamba kukule. Paison ankanyamula miyalayo paphewa, koma asadaitule ankaitembenuza kaye, kuinunkhiza, kuiyeza ndi chikhatho, mpaka Goliati kumukalipira kuti boma silidamulembe ntchito yofunsira miyala mbeta. Mwala womaliza adaulowetsa pakati penipeni, pamwamba, poukhoma ndi chipika. Atatero adadzaza m'mbali ndi miyala wamba, n'kumanga kakhoma kofika m'chiuno uku ndi uku kuti ngolo zisagwere m'madzi.

Patatha milungu, njereza itauma, Goliati adalengeza kuti mawa lake achotsa mitengo yonse.

Paison adayesa kuti ndi nthabwala. Atamva kuti ndi zoona adayenda m'midzi kuchenjeza anthu kuti ana asayandikire. "Ine ndamanga madenga kuyambira ndili mnyamata," ankatero. "Chotsani mzati muone ngati mugone m'nyumbamo. Mawa kugwa chinthu pa Mkokansalu, mudzamvera ku Lizulu."

Anthu adabweradi, koma adaima patali, pachitunda. Amisiri adalowa kunsi ndi nyundo n'kuyamba kugogoda timitengo timene tidakhomedwa pansi pa mizati. Chimango chija chidatsika pang'ono, mwina ngati kunenepa kwa chala, ndipo pakati pa matabwa ndi miyala padaoneka kuwala. Paison adatseka makutu. Palibe chidachitika. Dzuwa lisadapendeke mitengo yonse idali itaunjikidwa pagombe, miyala ili lende m'mwamba, madzi akudutsa kunsi. Goliati adakwera pamwamba, adadumphadumpha, kenaka adaitanitsa ngolo yodzaza mchenga kuti iwoloke. Idawoloka, ng'ombe zake osatekeseka n'komwe.

Paison adatsikira kwa kapitawo uja thukuta lili kamukamu. "Bambo, ndiuzeni chilungamo. Mzati mwaubisa pati?"

"Palibe mzati."

"Nanga chikugwira n'chiyani?"

"Ukudzigwira wokha," adatero Goliati akupukuta manja. "Ine adandiphunzitsa kumanga. Zofunsa miyala maganizo ake sadandiphunzitse."

Khamu lidaseka. Wina adafuula kuti, "A Ngozo, ku Lizulu amva kale kugwa kuja!" Manyazi ndi mkwiyo zidamukwera Paison kumutu, pakamwa n'kumutsogolera. Adanyambita chala, adachidutsitsa pakhosi, n'kuloza kumasano kumene kudagona bambo wake. "Pali ababa anga ali gone uko, phazi langa silidzaponda pa mlatho uwu mpaka nditadziwa chimene chikuugwira!"

Kuseka kudatha pomwepo. Kulumbira pa akufa si masewera, ndipo aliyense ankadziwa kuti wothyola lumbiro lotere amaitanira maliro pakhomo pake. Eliness, amene adaima pakati pa amayi mwana ali kumbuyo, adangogwira pakamwa.

Kuyambira tsiku limenelo dziko lonse linkadutsa pamwamba, Paison yekha ankadutsa kunsi. Ankapinda kabudula, nsungwi zake pamutu, n'kuwoloka pa dooko lakale. Akafika pansi pa uta uja ankaima, khosi chagada, mpaka miyendo kuchita dzanzi ndi kuzizira kwa madzi. Kunsiko adakudziwa kuposa amene adamanga. Ankadziwa mwala umene udali ndi kachizindikiro ka mmisiri wamanzere, ming'alu imene mileme inkagonamo, ndi timabowo totulutsa madzi timene anamzeze adamangapo zisa. Ankadziwa pamene njereza inkadontha n'kuuma ngati mano a mwana. Galimoto ikamadutsa pamwamba ankagunditsa khutu pakhoma kuti amve ngati miyala ikudandaula.

Maganizo adayesa onse. Ena ankati azungu adakwirira mutu wa munthu pamaziko, koma iye adakana, poti adalipo kuyambira khasu loyamba ndipo chilichonse cholowa m'menemo adachiona. Adaganiza kuti mwina ndi njereza, koma ataikanda ndi chikhadabo inkangoyoyoka, chinthu chotero sichinganyamule ngolo. Adafunsa aphunzitsi a kumishoni, iwo adati zimenezo zili m'mabuku a ku Ulaya. Adafunsa amuna obwera ku Joni, iwo adamuuza za milatho yachitsulo yoti sitima imayendapo, ngati kuti iye adafunsa zachitsulo. Tsiku lina adaimitsa mzungu wa zamisewu pa njinga yake yamoto. Mzunguyo adajambula mizere pansi ndi kamtengo, adalankhula zambiri m'mphuno, womasulira n'kungoti, "Akuti ndi mmene zimakhalira."

Kuseri kwa nyumba yake adayamba kumanga timilatho take. Ankasema timiyala, kutiyala pa kauta kansungwi monga adaonera, kenaka n'kusolola nsungwiyo. Nthawi zonse mapazi a kamlathoko ankatagadza, pakati n'kugwa. Kena kadagwera nkhuku yoikira mazira. Tsiku limenelo Eliness adaima poteropo akupukuta manja, adayang'ana mulu wa miyalawo kanthawi, n'kunena kuti, "A Ngozo, kodi m'mbalimo mukadati..."

"Nankhoma, za miyala zisiyireni amuna. Inu onani za nkhukuyo."

Eliness adatola nkhuku ija n'kukaisosola. Za mlatho sadazitchulenso.

Zaka zidapita. Kudabwera dzombe, kudabwera nkhondo ina. Magalimoto otenga amuna opita kumigodi ankadutsa pamlathopo, anyamata akuimba, ndipo midzi ya kumapiriko idatsala ya akazi ndi nkhalamba. Amuna ena ankabwera ndi njinga ndi chifuwa, ena adasanduka matchona osatumiza ndi kalata yomwe. Akulu ake awiri a Paison adapita, ndipo mmodzi yekha ndiye adabwerako. Anzake ankamukopa kuti nayenso akaone dziko, koma iye ankakana. "Mlatho ungagwe ine kulibe," ankatero, "ndiye adzandifotokozera bwino ndani mmene wagwera?" Adatsala pamudzi akuluka nkhokwe, kulima chimanga ndi mbatata ya kachewere, ndi kulera ana ake. Anthu adayamba kuutchula kuti mlatho wa a Paison, ngakhale kuti pa anthu onse a m'deralo iye yekha ndiye adali asadaupondepo.

Mkulu wa mpingo adamuyendera kangapo kumuuza kuti lumbiro lotchula akufa ndi lachikunja, Mkhristu silimumanga. Paison ankavomera mwaulemu, Lamulungu lotsatira n'kufika kutchalitchi, kutsidya la mtsinje, miyendo ili chinyezi monga kale. Kunena zoona, mantha adalipo, koma kudalinso kuuma mutu. Kuwoloka osadziwa kukadakhala kuvomera kuti funso lake lidali lopusa.

Kenaka mvula idakana, kudagwa njala yaikulu. Chaka chotsatira, Eliness adayamba kudwala. Chidayamba ngati kutopa, kenaka miyendo idatupa, dongo adalisiya. Mwezi wa Okutobala alongo ake adabwera kudzapempha kuti akamudwazike kwawo kutsidya, monga zimakhalira matenda akakula. Adamunyamula pamachira kudutsa pamlatho, Paison akutsatira kunsi, madzi ali m'akakolo. Masiku onse otentha aja ankapita kukamuona, atanyamula mazira kapena nthochi.

Kenaka mvula idabwera ngati ikubweza ngongole ya chaka chatha. Mkokansalu udadzaza mpaka kumeza dooko, madzi ofiira akugubuduza miyala ndi mitengo yathunthu. Sabata idatha, ina idatha, madzi osaphwa. Paison ankafika pagombe m'mawa uliwonse, ankayang'ana madzi, ankayang'ana mlatho, n'kubwerera. Odutsa ankamuuza kuti odwala aja sakudya. Tsiku lina mlamu wake adaima pakati pa mlatho n'kufuula kuti, "Alamu, ngati mukufuna kuwapeza akulankhula, ndi lero kapena mawa!"

Paison adafika mpaka pamene dothi la msewu limathera ndi kuyamba miyala. Adaima pamenepo. Mtima wake udagawika pawiri ndipo mbali zonse zinkawawa. Akapanda kuwoloka, mkazi amene adakhala naye moyo wonse apita osatsanzikana. Akawoloka asadadziwe, ndiye kuti wathyola lumbiro la pa bambo wake, ndipo maliro amene lumbirolo likadaitana adali oonekeratu kuti ndi a yani. Adakhala pansi m'matope, munthu wa imvi, n'kulira ngati mwana.

Dzuwa lili pamutu adaona mwana wake wamkazi, Selestina, amene ankadwazika mayi ake, akubwera pamlathopo atasenza mkhate wakale wakuda. Adautula pamaso pa bambo ake. Udali wong'aluka, mng'alu wake wodutsa kunsi konse, woti sungasunge ndi dontho lomwe.

"Ababa, amayi akuti ndikupatseni uwu."

"Wosweka? Nditani nawo?"

"Akuti muuvundikire pansi, muupondepo."

Paison adayesa kuti matenda a mkazi wake afika kumutu. Komabe adauvundikira pamsewu, adaikapo phazi limodzi n'kutsamira pang'ono. Mng'alu uja udayasama, milomo ya mkhate idayamba kutagadza, ndipo adachotsa phazi msanga. Adaziona zimenezi kambirimbiri kuseri kwa nyumba yake.

"Sindinamalize, ababa," adatero Selestina. "Akuti mukaona choncho, mukumbe pang'ono, milomo yake ilowe m'dothi, mutsendere miyala kuzungulira, molimba. Akuti ndi zimene ankafuna kukuuzani tsiku la nkhuku."

Paison adakumba ndi manja. Adazika milomo ya mkhate, adatsendera miyala ndi dothi m'mbali monse, kupondaponda ndi chidendene. Kenaka adagwira phewa la mwana wake, adakweza phazi limodzi, n'kukwezanso linalo. Mkhate udalira kamodzi, kuti tswa, basi. Adasuzumira pakati pa mapazi ake. Mng'alu uja udali utatsekeka, mbali ziwirizo zitalumana zolimba moti ndi udzu womwe sukadalowapo.

Adatsika, mng'alu udamasuka pang'ono. Adakweranso, udatsekeka. Adachita zimenezi mobwerezabwereza, anthu odutsa ataima kumuyang'ana, mvula ikuwaza. Kenaka adatembenukira kumlatho kuja ngati akuuona koyamba. Mwala uliwonse unkafunadi kugwa, monga iye ankanenera zaka zonsezi. Koma pofuna kugwa unkakanikiza unzake, unzakewo unzake, mpaka kukafika pathanthwe la m'gombe limene iye yemwe adakumba nawo, ndipo thanthwelo linalibe kothawira. Kulemera kumene iye ankati kudzaugwetsa ndiko kunkaumanga.

"Ndiye mzati wake ndi magombewa," adanong'ona. "Wagona chopingasa. Ine ndimaufuna choimirira."

Adayang'ana kumasano, adavula chipewa. "Ababa, ndadziwa," adatero mokweza, kuti amve ndi amoyo omwe. Atatero adaponda pamwala woyamba.

Ngakhale tsiku limenelo khalidwe lake silidamusiye. Atafika pakati adagwada kuti aone mwala wotsekera uja kumwamba kwake, poti ankaudziwa kunsi kokha, mpaka Selestina adachita kumukoka mkono. Kuchoka pamenepo adathamanga, nkhalamba yonseyo, mwana wake akumutsatira m'mbuyo.

Adamupeza Eliness atagona pamphasa, atatha ngati kamwana, koma maso ali ake omwe aja. Adamuyang'ana mwamuna wake kuyambira kumutu, maso n'kukaima kumiyendo.

"Kabudula ngwouma," adatero motsitsa. "Mwadzera pamwamba."

Paison adakhala pansi pafupi naye. "Nankhoma, inu mumadziwa?"

"Woumba aliyense amadziwa. Mbiya tikamaotcha timazivundikira, nkhuni n'kuunjika pamwamba. Imene yakhala bwino pansi siphwanyika."

"Zaka zonsezi! Ine kufunsa aphunzitsi, kufunsa azungu, kuzizidwa m'madzi ngati chule. Bwanji osandiuza?"

"Munandifunsa?"

Akulu adati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, ndipo Paison adazungulira nalo funso lake dziko lonse, kusiya munthu amene ankagona naye mphasa imodzi. Zidamupweteka kwambiri, ndipo adapepesa, mawu amene sadazolowere kuwatchula.

Eliness adapumira kaye, kenaka kukamwa kwake kudachita ngati kumwetulira. "Poyamba ndinakwiya, za nkhuku zija. Koma kenaka ndinaona magalimoto akutenga amuna a anzanga. Ndinati, awa akadziwa lero, mawa akwera nawo kukasuzumira kunsi kwa milatho ya ku Joni. Ndiye ndinati asiyeni azifunsa." Adatambasula dzanja n'kugwira bondo la mwamuna wake. "Anzanga akalamba okha, a Ngozo. Ine ayi."

Eliness adakhalabe ndi moyo masiku owerengeka, kuposa mmene alamu aja adanenera. Masiku amenewo Paison sadachoke pamphasapo. Adamufunsa kumene dongo labwino limapezeka, chifukwa chimene amasinjira mapale akale n'kusakaniza ndi dongo latsopano, ndi mmene amadziwira kuti mbiya yapsa. Eliness ankayankha pang'onopang'ono, nthawi zina n'kugona yankho lili pakati, ndipo Paison ankadikira kuti adzuke amalize. Adamuika kwawo kutsidya komweko, madzi asadaphwe.

Paison adakhala zaka zina zingapo. Ankapita kutsidya kawirikawiri kukalambula pamanda, ndipo ankadzera pamwamba ngati wina aliyense. Koma nthawi ya chilimwe ankatsikirabe kunsi, kukazula timitengo tomera m'ming'alu kuti mizu isakankhe miyala. Alendo opita ku Lizulu akaima kufunsa kuti mlatho wokongola chotere adamanga ndani, iye ankatchula Goliati ndi amisiri ake. Akafunsa chimene chikuugwira, ankawatengera kunyumba kwake, kukawaonetsa mkhate wong'aluka umene adauzika pakhonde, n'kuwauza kuti avule nsapato akwerepo.

"Adandiphunzitsa ndi akazi anga," ankatero. "Ndidachedwa kuwafunsa."